Mafuta Ofunikira a Pachilumba

Unduna wa Zomera ndi Zina Zotero unalengeza Lolemba m'mawa, kudzera pa wailesi, kuti chitseko cha labotale yake chipakidwa penti. Chilengezocho chinatsindika kuti pentiyo ndi wobiriwira, kuti wagulidwa motsata malamulo onse a kagulidwe ka katundu wa boma, ndiponso kuti anthu asayedzamire chitsekocho kufikira atauzidwa. Kumapeto kwenikweni, ngati mawu ongokumbukira, chinawonjezera kuti zonsezi zikuchitika pokonzekera kubwera kwa wachiwiri kwa nduna, yemwe akufuna kudzaona ndi maso ake mafuta ofunikira amene akatswiri a undunawo apeza pachilumba.

Akatswiri otchulidwawo anali munthu mmodzi, ndipo nkhaniyi anaimva akumeta ndevu. Anadzicheka pachibwano.

Kuntchito ankawatchula kuti a Kadontho. Dzinali linayamba ngati chipongwe cha pa tiyi, koma linakula, linafika kunyumba, mpaka mdzukulu wawo ankaganiza kuti ndi la ubatizo. Ali mnyamata anali wakuthwa m'kalasi, ndipo abale onse anagwirizana kuti adzakhala dokotala. Iwo anasankha khemisitiri. Pofotokozera abalewo kuti awa ndi maphunziro a kasakanizidwe ka mankhwala, abale anangotolapo mawu oti mankhwala, ndiye mpaka lero amawabweretsera misana yowawa ndi mawondo olira. A Kadontho amamvetsera mwaulemu, kenako amawalangiza kuti apite kuchipatala, ndipo abale amabwerera akunena kuti sukulu inawalanda chifundo.

Ntchito yawo yeniyeni inali yodikira. Pachilumba china, chimene undunawo unkachikumbukira kamodzi pachaka, pamamera kachitsamba ka masamba aubweya komwe kulibenso kwina pa dziko lonse. M'mabuku kali ndi dzina lalitali la Chilatini, koma eni chilumba amangoti mbuzisidya, ndipo dzina limeneli ndi limene lili ndi umboni. Anayesa kukadzala kumtunda kuno m'zitini zomwe anandandalika pakhonde la ofesi, koma kanafota mwakachetechete monga amachitira mapulani ambiri a pakhonde limenelo. Choncho chaka chilichonse, mvula ikangosiya, kachitsambako kali ndi maluwa, a Kadontho ankakwera bwato la unduna kukathyola masamba, osazula ndi tsinde lomwe. Pobwera ankawayanika pamthunzi, kuwaika m'botolo lagalasi lamimba yaikulu, kuthiramo madzi ndi kuwiritsa. Nthunzi inkakwera, n'kudutsa m'kapaipi kagalasi kozizira, n'kuyamba kudontha. Pamwamba pa madzi odonthawo pankayandama kamzere kachikasu kopyapyala ngati tsitsi. Amenewo ndiwo anali mafuta. Thumba lathunthu la masamba linkatulutsa mafuta osakwana kunyowetsa batani la malaya.

Apongozi awo aakazi anakaonako kamodzi, akadali moyo. Anayang'ana moto, anayang'ana kapaipi, anayang'ana madontho, ndipo pobwerera anauza mwana wawo kuti, "Iwe, usandinamize. Unakwatiwa ndi wotcheza mowa. Kungoti uyu amavala khothi loyera, ndipo mowa wake sudzadza n'kapu yomwe."

Mafutawo a Kadontho ankawasunga m'kabotolo kabulauni kofanana ndi chala chaching'ono, m'firiji ya labotale, kuseri kwa mkaka wa mlembi wa bwana. Fungo lake linali lovuta kulifotokoza. Ena ankati mandimu, ena ankati dothi lomwe langolandira mvula, mlonda wa pageti ankati sopo wa anthu olemera. Koma a Kadontho sankafuna maganizo a mphuno za anthu. Ankafuna kudziwa zimene zili m'kati, chimodzichimodzi, ndi muyeso wake.

Makina oyankha funso limeneli analipo. Anali mphatso yochokera kwa anzathu akunja, ndipo anakhala pakona ya labotale ngati mlendo amene sakudziwa kuti mwambo unatha. Ntchito yake ndi yosavuta kuimvetsa: umawapatsa kadontho ka pansonga ya singano, iwo amakatenthetsa, mpweya wochokera m'silinda n'kukakankha m'kapaipi kopyapyala kopindidwapindidwa. Zosakanizika m'mafutawo zimatuluka motsatana monga anthu potuluka mumsonkhano, zopepuka patsogolo, zolemera pambuyo. Chilichonse chikamatuluka makinawo amajambula kaphiri papepala, ndipo wodziwa akaona timapirito amawerenga mafutawo ngati nyuzipepala. Vuto linali lakuti mpweya wa m'silinda unatha chaka chimene mwana wawo wotsiriza ankayamba sekondale, ndipo mwanayo tsopano anali ndi mwana wake woyenda. Kutumiza mafutawo kunja kuti akayezedwe kunkafunika chilolezo cha komiti yoteteza chuma cha dziko, koma komitiyo inali isanasankhidwe. Makinawo anafunditsidwa nsalu imene mayi a kunyumba analuka, ndipo pamwamba pake ankaikapo ketulo.

A Kadontho anali atatsala pang'ono kupuma pantchito. Sankalakalaka galimoto kapena mendulo. Ankangofuna kuona timapiri ta mbuzisidya papepala asanabweze makiyi.

Nanga mafuta ofunikira aja anachokera kuti? Anachokera pafoni. Sabata yathayo mneneri wa unduna, bambo wa mawu osalala amene ankayankhula pa mafoni awiri nthawi imodzi, anawaimbira.

"Bambo Kadontho, akuluakulu akufuna nkhani yabwino mwezi uno. Kumeneko muli ndi chiyani?"

"Tili ndi makina opanda mpweya."

"Imeneyo si nkhani yabwino. China?"

"Tili ndi timafuta ta masamba a pachilumba tija."

Mneneriyo anamveka akudula foni inayo. Inali nthawi imene m'tauni monse magalimoto ankagona pamzere pamalo omwetsera mafuta, ndipo mawu oti mafuta ankadzutsa ngakhale munthu wogona m'tchalitchi.

"Mwati mafuta? Mafuta anji?"

"Onunkhira," anatero a Kadontho. Anali ndi chimfine, ndipo panja pankadutsa thirakitala.

"Ofunikira. Zabwino kwambiri. Alipo ochuluka?"

"Akuchuluka pang'onopang'ono."

"Akuchuluka. Zikomo, bambo."

Tsiku la chilengezolo, pobwera kuntchito madzulo, a Kadontho anapeza alamu awo, mchimwene wa mkazi wawo, atakhala pakhonde pakati pa zigubu zopanda kanthu. Alamuwo anali ndi minibasi imene inali itaima pamzere kwa nthawi yaitali moti nkhuku inayamba kuikira pansi pa mpando wa dalaivala.

"Alamu, mpaka kumvera pa wailesi ife? Ine amene ndinakuperekezani pa tsiku la ukwati, nsapato zikukulumani?"

"Si mafuta amenewo, alamu."

"Ndikudziwa, ndikudziwa, anakulumbiritsani. Ine sindiuza munthu. Mungondidzazira chimodzi ichi, zinazi ndisiya pompano, muzidzaza mukapeza mpata."

Mayi a kunyumba anatulukira pakhomo akupukuta manja. Iwo anali munthu wokonda kumva chinthu bwinobwino asanakondwere.

"Abambo ake, tandiuzeni ine kaye. Ndi a galimoto, ophikira, kapena odzola? Chifukwa amayi a nyumba iyo abwera kale ndi botolo, ati ngati ndi ophikira tisawaiwale."

"Ndi omwe aja a m'kabotolo."

"Aja munandinunkhitsa aja? Amene munandikaniza kudontheza pampango aja?"

"Omwewo."

Mayiwo anayang'ana zigubu za mchimwene wawo, kenako anayang'ana mwamuna wawo, n'kubwerera m'khitchini. Mapewa awo ankagwedezeka ndi kuseka.

M'mawa mwake a Kadontho anavala tayi n'kukwera pamwamba kukaonana ndi mkulu wa nthambi yawo. Bwana ameneyu ankadziwika ndi dzina loti a Tikuliona, chifukwa vuto lililonse limene linafika patebulo pawo ankaliona, ndipo ena mwa mavutowo anali atawaona kwa zaka zambiri osaphethira.

"Bwana, pachitika cholakwika cha chilembo. Ine ndinati onunkhira. Iwo alemba kuti ofunikira."

A Tikuliona anavula magalasi n'kuwapukuta ndi tayi. "Chabwino. Ndiye mukufuna tilengeze kuti mafuta anuwo ndi osafunikira?"

"Ayi, bwana, sindikutero."

"Chifukwa ngati ndi osafunikira, akuluakulu adzafunsa kuti zaka zonsezi bwato la boma limapita pachilumba kukatani. Ndi ofunikira kapena ndi osafunikira?"

"Ku sayansi ndi ofunikira, bwana, koma..."

"Ndiye mneneri walakwitsa pati? Nkhani yatuluka kale, penti wagulidwa, mipando yabwerekedwa. Ndipo taganizani, a Kadontho. Munthu wamkulu ngati uja akaima pafupi ndi makina anu aja, n'kufunsa kuti bwanji sakulira, mudzati chiyani?"

"Ndidzati alibe mpweya."

"Pamaso pa atolankhani. Mukuganiza kuti mpweyawo udzatenga masiku angati?"

A Kadontho anatsika masitepe pang'onopang'ono. Anali munthu woona mtima, koma kuona mtima kwawo kunali kusanayesedwepo ndi silinda ya mpweya. Pofika pansi anali atadzitsimikizira kuti mawu awiriwo, ukawaganizira bwino, ndi pachibale. Madzulo ake atapita kukameta tsitsi, wometa anawadumphitsa mzere n'kuwatchula kuti injiniya, ndipo iwo sanamukonze.

Anachita chinthu chimodzi chanzeru. Anagawa mafutawo pawiri, ena m'kabotolo ka alendo, ena m'kabotolo kobisa m'kabati ya mankhwala oopsa, momwe palibe ankatsegula. Koma tsiku loyeserera mwambo a Tikuliona anakweza kabotolo ka alendoko pawindo n'kukwinya nkhope.

"Izi ndiye tionetse nduna? Akaona ngati tamwa ena. Tawonjezeranimo ophikira pang'ono, mtundu ndi womwewo."

"Bwana, mukathiramo ophikira, makina adzatiuza za mpendadzuwa."

"Ndiye pezani ena. Botolo lidzaze, kaya ndi chiyani. Ngati mulibe, mlembi wanga ali ndi ophikira m'kabati."

Kuti apulumutse mafuta awo kwa mlembi, a Kadontho anatsegula kabati ya mankhwala oopsa n'kubwezera onse m'kabotolo kamodzi. Kanadzaza mpaka m'khosi. A Tikuliona anati akuona tsopano kuti a Kadontho ayamba kumvetsa kayendetsedwe ka boma.

Wachiwiri kwa nduna anafika dzuwa litapendeka, ngakhale anthu anakhazikidwa pamipando kuyambira m'mawa. Anali munthu wansangala, wamapewa otakata, ndipo polowa anayedzamira chitseko chija pojambulitsa. Palibe anamuuza za mzere wobiriwira umene unatsalira pajekete. Nsalu ya mayi a kunyumba inali itachotsedwa pa makina, ketulo itabisidwa, ndipo a Kadontho anaima pambali atavala khothi loyera lositidwa mpaka kuwala. Kumbuyo kwa atolankhani anaona alamu awo, amene analowa ponena kuti ndi a banja la katswiri.

Kabotolo kanabwera pa thireyi yoyalidwa kansalu. Wachiwiri kwa nduna anakayang'ana, n'kuyang'ananso kuseri kwa thireyi.

"Enawo ali kuti?"

"Ichi ndi chitsanzo chabe, olemekezeka," anayankha a Tikuliona msanga. "Enawo akadali pachilumba."

Zimenezi zinali zoona, chifukwa anali akadali m'masamba.

Mlendoyo anatsegula kabotolo, ananunkhiza, nkhope yake n'kumasuka. "Koma ndiye akununkhira bwino. Amene timagula kunja aja amanunkha ngati garaja." Anthu anaseka monga mwa udindo wawo. Kenako mlendoyo anatembenukira kwa a Kadontho. "Akatswiri, tandiuzeni mosabisa. Amayaka?"

Apa ndi pamene a Kadontho akanatha kunama, ndipo bodzalo likanakhala laling'ono kuposa limene anali atavala kale sabata yonse. Koma funsolo linali la sayansi, ndipo pa funso la sayansi lilime lawo linkayankha lokha.

"Amayaka, olemekezeka. Mafuta onse a mtundu uwu amayaka. Koma chimene tikufuna ife ndi kadontho kamodzi kokha kuti makina awa..."

"Tiwaone."

Wina anabweretsa kambale ka kapu ya tiyi. A Kadontho anatambasula dzanja kuti adonthezepo okha, koma wojambula wa wailesi ya kanema anati dzanja la olemekezeka ndilo liyenera kuoneka. Dzanja la olemekezeka silinazolowere kudontheza. Linapendeketsa kabotolo monga mmene munthu amathirira msuzi, n'kukagwedeza kuti kasatsale kanthu. Dalaivala wa olemekezekawo anapereka machesi.

Lawi linali lachikasu, lalifupi, la utsi wakuda kunsonga. Linavina pakambale nthawi yokwanira kujambulidwa, kenako linagona. M'chipinda monse munadzaza fungo la mandimu, la dothi la mvula yoyamba, la sopo wa anthu olemera, ndi zina zimene a Kadontho anazimva zikudutsa pamphuno pawo motsatana, zopepuka patsogolo, zolemera pambuyo, popanda pepala lozilemba. Anthu anaomba m'manja. Alamu awo anaomba kuposa onse.

Wachiwiri kwa nduna anayankhula kwa nthawi yaitali. Anati dziko lino lakhala likugona pa chuma. Anati posachedwapa mizere ya pamalo omwetsera mafuta idzakhala nkhani yofotokozera zidzukulu. Analonjeza fakitale pachilumba, doko, bwato latsopano la injini ziwiri, ndi labotale ya nsanjika. Kenako, pofuna kuonetsa kuti ndi munthu womvera anthu wamba, anafunsa katswiri ngati pali chimene akusowa.

"Mpweya wa makina awa," anatero a Kadontho, maso ali pakambale.

"Mpweya? Mpweya wokha? A Tikuliona, munthu uyu apatsidwe mpweya sabata ino."

Ndipo anapatsidwadi. Lamulo litatsika kuchokera kumwamba, woyang'anira nyumba yosungiramo katundu anakumbukira kuti ali ndi chisilinda china chachitali chimene chinabwera kalekale popanda wochifunsa, ndipo iye ankachigwiritsa ntchito yotchingira chitseko kuti chisamamenyeke ndi mphepo. Chinali chodzaza. Amuna awiri anachigubuduza kudutsa pabwalo mpaka m'labotale, ndipo a Tikuliona anatsika okha kudzawauza a Kadontho kuti aone mmene boma limagwirira ntchito likafuna.

A Kadontho analumikiza mapaipi, anamanga bwino polumikizira, anayatsa. Makinawo anatsokomola, anayatsa timagetsi tawo, n'kuyamba kulira kamawu kosalala ngati firiji yatsopano. Iwo anakhala pampando n'kumamvetsera. Kenako anatenga kabotolo kaja, kuti mwina m'makoma mwake mwatsalira kanthu koti n'kutsukuluza. Anakapeza pawindo, kowala bwino, kopanda chivindikiro. Mayi wokolopa, pokonza m'chipinda mwambo utatha, anali atakatsuka ndi sopo pamodzi ndi makapu. Kambale kaja kanali katapita ku likulu la unduna kuti kakaikidwe m'kabati yagalasi.

Kunyumba mayi anawaikira madzi osamba osafunsa zambiri. Alamu anabwera kudzatenga zigubu zawo, ali ndi nkhope ya munthu wolakwiridwa.

"Ine ndinaona ndi maso anga akuyaka, alamu. Musadzanenenso kuti si mafuta amenewo."

"Sindidzanenanso."

"Achimwene, asiyeni apume," anatero mayi. Mchimwene wawo atachoka, anakhala pafupi ndi mwamuna wawo n'kununkhiza khothi loyera lija, limene linali lisanachapidwe. "Koma ndiye linagwira fungo. Ndisalichape?"

"Musalichape kaye."

"Mukanandilola kudontheza pampango paja, bwenzi pano tili ndi pokanda."

A Kadontho anaganizira mawuwa monga katswiri, ndipo anapeza kuti alibe cholakwika.

Komabe sanataye mtima. Mvula inali itangosiya, mbuzisidya anali ndi maluwa, ndipo makina tsopano ankangofuna kadontho ka pansonga ya singano. Thumba limodzi la masamba likanakwana. Masiku awo a pantchito anali otsala ochepa, koma maluwawo akanatha iwo asanapume, choncho anakwera pamwamba kukapempha ulendo wa pachilumba. A Tikuliona anati pempholi ndi lofunikira kwambiri ndipo akuliona. Sabata yotsatira a Kadontho anakweranso, ndipo anauzidwa kuti popeza chilumbacho tsopano ndi malo a chuma cha dziko, mabwato a anthu wamba aletsedwa kufikako, ndipo mlonda watumizidwa kukaonetsetsa kuti aliyense asathyole tsamba. Lololedwa ndi bwato la unduna lokha.

A Kadontho anapita okha kudoko, thumba lopanda kanthu lili m'khwapa. Anapeza bwatolo litamangidwa pamalo pake, litapakidwa penti wobiriwira wotsala pa chitseko chija, woyendetsa atagona m'kati chipewa chili kumaso. Anamudzutsa mwaulemu n'kumufunsa kuti anyamuka liti.

Bwato la unduna silinapite pachilumba chaka chimenecho. Linalibe mafuta.